KUMENE AGOGO ANACOKERA: PEPALA LOKHA SILIKWANIRA

Mnyamata kapena mtsikana wobadwira mu Lusaka akakwanitsa zaka 16 amapita kukatenga citupa cace, cimene ambiri amangociti reji. Kalaliki amamfunsa zinthu zitatu zooneka ngati zapafupi: mudzi, mfumu ndi boma. Pamenepo ana ambiri amaceukira kwa amai ao kapena kuimba lamya kunyumba, pakuti yankho lace salidziwa. Dzina la mudzi limalembedwa, citupa cimatuluka, ndipo mwanayo amayenda naco m'thumba moyo wace wonse, cikhalireco mudziwo sanauponde ndi kale lomwe, ndipo sadziwa ngati ukalipo kapena unasamuka.

Zotere sizacilendo m'Kabwata, m'Chelstone, m'Woodlands ngakhale m'Kabulonga. Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo amuna amene anabwera kudzaumba njerwa, kuphikira Azungu ndi kulonda maofesi masiku amenewo, lero ali ndi zidzukulu-tubzi zimene zina zakwatira kale. Kusadziwa kwa mbadwo umenewu kumaonekera poyera pa zinthu zazikulu. Pa maliro pamasowa wodziwa kumene uthenga uyenera kupita. Pa ukwati ankhoswe akafunsa mfunda kapena ciwongo, mkwati amayang'ana pansi. Ndipo munthu akapuma pa nchito nafuna munda kumudzi, amfumu amamfunsa kuti, kodi inu ndinu mwana wa yani? Funso limeneli siliyankhidwa ndi ndalama.

Amene afuna kudziwa kumene makolo ace anacokera ali ndi mboni ziwiri: pepala ndi pakamwa pa akulu. Anthu opita kusukulu amafulumira kukhulupirira pepala, namayesa mau a nkhalamba nthano cabe. Kuteroko ndi kulakwa. Mboni ziwirizi ziyenera kumvedwa pamodzi, ndipo yoyamba kufunsidwa ikhale nkhalamba, cifukwa pepala likhoza kudikira koma nkhalamba siidikira.

Mapepala alipo ndithu, ndipo sali kutali. Munthu wotsika basi pa Longacres akhoza kuyenda pansi kufika mu Government Road ku Ridgeway, kumene kuli nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko, ya National Archives of Zambia, imene lamulo lace linakhazikitsidwa m'caka ca 1969. M'nyumba imeneyi muli mabuku ochedwa District Notebooks, amene mabwana a D.C. anali kulembamo maina a mafumu ndi mzera wa ufumu wao, mbiri ya mitundu, mamishoni ndi nkhani za msonkho. Mulinso malipoti a maulendo ao, pamene anali kuzungulira midzi ndi amtenga-tenga, kuwerenga anthu ndi kuona kuti ndi amuna angati amene anacoka kukafuna nchito kutali. Muli manyuzipepala akale monga Mutende, imene boma la atsamunda linayamba kusindikizira anthu akuda m'caka ca 1936. Anthu ambiri a mu Lusaka amadutsa pafupi ndi nyumbayi masiku onse popanda kuganiza kuti mwina dzina la mudzi wao lili m'katimo.

Koma wowerenga mapepala amenewa ayenera kukumbukira amene anawalemba ndi cimene anali kufuna. Bwana D.C. sanali kulemba kuti mdzukulu adzapeze agogo ace. Iye anali kufuna msonkho ndi anthu a nchito. Cifukwa cace mwamuna wolipira msonkho amaoneka, koma mkazi wace ndi ana ace akazi kawiri-kawiri amangokhala nambala. Maina omwe anali kusinthika. Munthu mmodzi anali ndi dzina la paubwana, dzina la pa ubatizo ndiponso dzina la kunchito monga Foloko, Supuni kapena Sikisipensi. Wina anali kusintha dzina dala pothawa msonkho kapena pothawa bwana wankhanza. Wina wocokera ku dziko la Apwitikizi, pothawa cibalo, anali kuchula mudzi wa mnzace kuti asabwezedwe. Kalaliki naye anali kulemba monga khutu lace lamvera, kotero kuti dzina limodzi likhoza kupezeka litalembedwa m'njira zitatu.

Mwambo weni-weniwo ukhoza kusoceretsa munthu wosaudziwa. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mwamuna anali kupita ku cikamwini, ndiko kukakhala m'mudzi wa mkazi wace, ndipo ana anali a mbumba ya kucikazi, oyang'aniridwa ndi atsibweni ao. Motero mudzi umene pepala licula pa dzina la agogo aamuna ukhoza kukhala wa kumene anakwatira, osati kumene anabadwira. Angoni a Mpezeni amatsata kucimuna, koma iwonso anakwatira akazi ambiri a Cinsenga, ndipo mdzukulu wosafunsa za amai a agogo ace amataya theka la mbiri yace. Palinso kulowa dzina. Nyakwawa ikafa, wolowa m'malo amatenga dzina lomwelo, kotero kuti dzina lopezeka m'buku la 1915 ndi lopezeka m'buku la 1955 likhoza kukhala limodzi koma anthu ali awiri kapena atatu. Midzi nayo siinakhale malo amodzi. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, anthu anacotsedwa pa malo amene kampani ya North Charterland inatenga, napanikizidwa m'malo ocepa, ndipo m'zaka za m'ma 1940 midzi yambiri inasamutsidwanso pamene boma linagula malowo. Wofuna mudzi wa makolo pa mapu a lero akhoza kuupeza pa mtsinje wina, kutali ndi manda a agogo ace.

Mapepala ena anatha. M'caka ca 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa za atsamunda poyera, ndipo anacita bwino, pakuti citupa cija cinali goli. Koma pamodzi ndi golilo panapsanso dzina, mudzi ndi maina a mabwana amene mwini wace anawagwirira nchito. Lamulo lakuti mwana aliyense wobadwa m'Zambia alembedwe linabwera m'caka ca 1973, ndipo ngakhale pambuyo pace makolo ambiri a kumidzi sanalembetse ana ao. Cifukwa ca ici mabuku a mipingo ndi cuma camtengo wapatali. Mishoni ya Dutch Reformed inayamba pa Magwero m'caka ca 1899, ndipo ansembe a White Fathers anamanga pa Kachebere m'caka ca 1903. M'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a mamishoni otere kawiri-kawiri mumapezeka dzina la atate, la amai ndi la mudzi pa tsamba limodzi, cinthu cimene wokhometsa msonkho analibe naco kanthu. Kwa iwo amene agogo ao anakumba mkuwa, zolembedwa zakale za migodi zimasungidwa ku Ndola. Kwa iwo amene agogo ao anali asilikali a Northern Rhodesia Regiment, maina monga Burma Road ndi Arakan Barracks mu Lusaka muno akumbutsa kumene nkhondo inawafikitsa, ndipo nambala ya usilikali yolembedwa pa mendulo yakale ikhoza kutsegula khomo.

Tsono pakamwa pa akulu ndipo pamene pali mfungulo ya mapepala onsewa. Munthu wolowa mu Government Road ndi dzina limodzi lokha, lakuti Phiri kapena Banda, adzatuluka cimanja-manja, pakuti a Phiri ndi a Banda adzaza maiko atatu. Koma wolowa atadziwa maina onse a agogo ace, mfumu yao, mtsinje umene anali kutungako madzi ndi mishoni imene anaphunzirako, ameneyo ali ndi poyambira. Nkhalamba siichula caka, koma imati zinacitika dzombe litangopita, kapena pa njala ya 1949, kapena caka cimene amuna anatengedwa kupita kunkhondo. Pepala ndilo limasandutsa mau oterewa kukhala caka. Citsanzo codziwika ndi ca Angoni. Akulu ao anasunga mau akuti pa tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Odziwa za kayendedwe ka dzuwa ndi mwezi atawerengera, anapeza kuti kadamsana ameneyo anacitika m'mwezi wa November caka ca 1835. Popanda nkhalamba palibe akanafunsa za dzuwalo, ndipo popanda owerengera palibe akanadziwa cakaco.

Kunena zoona, nkhalamba nazo zimakometsa nkhani. Banja lililonse limafuna kukhala la kuufumu, ndipo ndi ocepa amene amabvomera kuti kholo lao linagwidwa pankhondo kapena linaperekedwa polipira mlandu. Cifukwa cace ndi bwino kufunsa akulu awiri kapena atatu, wa kucimuna ndi wa kucikazi, yense payekha, ndi kulemba mau ao monga anenera ngakhale asemphane. Masiku ano kuli makampani a kunja amene amapima malobvu a munthu ndi kumuuza mbali ya Afirika kumene magazi ace acokera. Zimenezo zingakondweretse mtima, koma sizingachule mudzi, nyakwawa kapena dzina la amai a agogo.

Pali cinthu cina cimene wofufuza ayenera kucenjera naco, ndipo cikumbutso cace cili pafupi ndi Longacres pomwepo, pa Embassy Park, pamene agona atsogoleri a dziko lino. Dr Kenneth Kaunda, amene anaikidwa pamenepo m'caka ca 2021, anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali m'caka ca 1924, koma atate ao a David Kaunda anacokera ku Nyasaland, otumidwa ndi mishoni ya Livingstonia. A Rupiah Banda, amene anaikidwa pamenepo m'caka ca 2022, anabadwira ku Gwanda m'dziko la Southern Rhodesia m'caka ca 1937, kumene makolo ao anapita kukafuna nchito. M'caka ca 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti akhale munthu amene makolo ace onse awiri ndi mbadwa za Zambia, ndipo Dr Kaunda, atalamulira zaka 27, analetsedwa kuima. M'caka ca 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti iwo sanali nzika ya Zambia, cigamulo cimene cinafafanizidwa m'caka ca 2000. A Frederick Chiluba nao anaimbidwa mlandu wa kumene atate ao anacokera, ndipo khoti lalikulu koposa linaukana mlanduwo m'caka ca 1998. Mau a makolo aja anacotsedwa m'malamulo m'caka ca 2016. Lero onsewa agona bwalo limodzi, ndipo palibe amene amafunsa citupa ca atate ao.

Phunziro lace ndi lakuti mbiri ya makolo ikasanduka cibonga comenyera mnzako, anthu amayamba kuibisa, ndipo ana amakula osadziwa kanthu. Malire a maiko ano analembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'caka ca 1891, anthu ali kale m'midzi yao. Mpaka lero mafumu a Acewa ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Mkaika m'boma la Katete kudzacita Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Cotero wofufuza wa ku Woodlands asadabwe ngati njira yace yamfikitsa ku Kasungu, ku Dedza kapena ku Tete, kapena ngati apeza abale ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, ana a machona amene sanabwerere. Palibe camanyazi pamenepo. Cibale ndi fupa, siciola, ndipo siciima pa cipata ca Mwami.

Nchito yoyenera kucitika ili pa anthu atatu. Banja ndilo loyamba. Pa chuti cikudzaci mwana mmodzi wodziwa kulemba atumidwe kwa agogo kapena kwa atate aakazi amene atsala, ali ndi kabuku ndi lamya yojambulira mau, ndipo zithunzi zakale zilembedwe maina kumbuyo pamene wozindikira nkhopezo akali moyo. Makadi a ubatizo, zitupa ndi makalata a womwalira asatayidwe pogawa katundu wa masiye. Mipingo ndiyo yaciwiri. Mabuku a mamishoni ajambulidwe tsamba ndi tsamba ciswe ndi mvula zisanawamalize, pakuti buku lotere limakhala limodzi lokha pa dziko lonse. Boma ndilo lacitatu. Nyumba ya mu Government Road ipatsidwe ndalama zokwanira, ndipo mukhale munthu wolandira anthu wamba m'cilankhulo cao, kuti mai wa ku Kabwata asaope kulowamo poyesa kuti ndi malo a maprofesa okha. Makolo a lero nao alembetse ana ao pobadwa, kuti zidzukulu zao zisadzabvutike monga abvutikira iwo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mabuku a mu Government Road adzakhalapo caka camawa, koma agogo amene akhala pakhonde ku Chelstone, amene adziwa dzina la mtsinje ndi la nyakwawa yoyamba, palibe angalonjeze kuti adzakhalapo. Wofuna kudziwa kwao ayambe ndi iwowo, ndipo ayambe mlungu uno.