Chipata cha ku Wharton chisakhale cha olemera okha

Ku America, ana ambiri a anthu obwera amayamba maphunziro apamwamba pa makoleji a m'madera, a zaka ziwiri aja, chifukwa ndi pamene ndalama za makolo awo zimalekezera. Masana mwana ali pa kauntala m'sitolo kapena akusambitsa nkhalamba kunyumba zosungirako okalamba, madzulo ali m'kalasi ndi maso atulo. Ena mwa iwo amalakalaka atasamukira ku sukulu zotchuka za bizinesi, monga Wharton ya pa yunivesite ya Pennsylvania, yomwe idatsegulidwa mu 1881. Ife tikuti khumboli ndi loyenera, ndipo chimene chimawatchinga anawa kawirikawiri ndi ndalama ndi mapepala, osati nzeru.

Njira yake ilipo ndithu. Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, adasamukira ku Pennsylvania mu 1992 kuchokera ku Queen's University ya ku Canada. Koma iye adachokera ku yunivesite yodziwika kale. Mwana wa pa koleji ya m'dera amapikisana ndi anthu otero, pomwe Pennsylvania imatenga osakwana 10 mwa 100 alionse ofuna kusamukirako. Wharton imafunanso kuti wofunsira malo akhale atakhoza kale calculus ndi maphunziro oyambira a zachuma. Amene sadauzidwe zimenezi msanga amazindikira madzi atafika kale m'khosi.

Pa ndalama ndiye pali chisoni. Thandizo la boma la Pell Grant siliperekedwa kwa wopanda mapepala okhalira m'dzikomo, ngakhalenso kwa wobwera pa viza ya sukulu. Mwana akhoza kukhoza mayeso onse, kalata yomuitana n'kufika, koma n'kuipinda chifukwa fizi ya chaka chimodzi ikuposa zimene banja lonse limapeza pachaka.

Chigawo cha California chidaonetsa kuti izi zikhoza kusintha. Lamulo la AB 540 la mu 2001 lidalola ophunzira opanda mapepala amene adaphunzira sekondale m'chigawocho kulipira fizi yofanana ndi eni dera, ndipo California Dream Act ya mu 2011 idawatsegulira thandizo la ndalama la chigawocho. M'chigawo chomwecho, sukulu ya bizinesi ya Haas ku Berkeley imalandira ophunzira ochokera ku makoleji a m'madera n'kuwayambitsira chaka chachitatu. Dzina lake silidatsikepo chifukwa cha zimenezi.

Tikupempha sukulu zolemera ngati Wharton kuti zisunge malo ndi thandizo la fizi la ophunzira oterewa, ndipo zinene poyera kuti zimatenga angati chaka chilichonse. Makolo inu amene muli kumeneko, musadikire chaka chachiwiri. Mwana akangolowa koleji, apite kwa mlangizi wa maphunziro, afunse maphunziro amene sukulu akuifunayo imavomereza, ndipo afunsire malo ku sukulu zingapo, osati imodzi yokha.