Malo analipo, olemera ndiwo ankazengereza

Nkhani ya othawa kwawo a ku Vietnam ikatchulidwa, chala chimaloza Malaysia. N'zoona, mu 1979 asilikali apanyanja a dzikolo ankakoka maboti odzaza amayi ndi ana n'kukawasiya pakati pa nyanja, ndipo ambiri anathera m'madzi. Nkhanza imeneyi sindingaiikire kumbuyo. Koma woweruza Malaysia ayambe waona Pulau Bidong.

Bidong ndi kachilumba ka kufupi ndi gombe la Terengganu. Msasa wake anaukonzera anthu 4,500, koma pofika Juni 1979 unali ndi anthu pafupifupi 40,000. Ankagona m'zisakasa zosanjikizana, zokhomedwa ndi matabwa a maboti omwe anabwerera aja, mapulasitiki ndi zitini zophwanya. Madzi akumwa ankachita kubwera pabwato kuchokera kumtunda, munthu n'kuima pamzere wautali chigubu chili m'manja. Dziko liti likanasenza lokha mtolo wotere?

Nthawi yonseyi mayiko olemera ankatola anthu mosankha, pang'onopang'ono, ngati mayi wosankha tomato pamsika. Mu Novembala 1978 sitima ya Hai Hong inaima masabata angapo kufupi ndi doko la Port Klang ku Malaysia, anthu pafupifupi 2,500 ali momwemo, akuluakulu akukambirana kuti atenge ndani.

Zinasintha Malaysia ndi mayiko anzake a m'bungwe la ASEAN atanenetsa kuti salandiranso aliyense. Mu Julayi 1979 mayiko 65 anakumana ku Geneva, ndipo malo olonjezedwa anakwera kuchoka pa 125,000 kufika pa 260,000. Pulezidenti Jimmy Carter anali atalamula kale kuti America izilandira anthu 14,000 pamwezi. Canada inalandira pafupifupi 60,000 mu 1979 ndi 1980, ambiri mothandizidwa ndi mipingo ndi magulu a anthu wamba omwe anasonkha ndalama za lendi ndi chakudya. Ndiye kuti malo analipo kuyambira kale. Chimandiwawa n'chakuti anadikira mitembo iyandame kaye.

Chifundocho sichinakhalitsenso. Pofika 1989 anayamba kusefa: uyu ndi wothawa weniweni, uyu akungosaka ganyu. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Hong Kong linakweza anthu 51 m'ndege mokakamiza kuwabwezera ku Hanoi. Bidong inatsekedwa mu 1991.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Tinasunga abale athu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pa nthawi ya nkhondo. Lero msasa wa Dzaleka ku Dowa, womwe anaukonzera anthu pafupifupi 12,000, uli ndi oposa 50,000, ndipo alipo ana obadwira momwemo amene tsopano nawonso ali ndi ana. Boma lathu likawazunza tilidzudzule mosaopa. Koma akazembe a mayiko olemera amene amatilangiza za ufulu wa othawa kwawo ali ku Lilongwe atiuzenso, ndi manambala, kuti chaka chino mayiko awo atenga mabanja angati a ku Dzaleka.