Mulungu wa ku Nipepe ndi yemweyo wa ku Guiúa



Kuyambira mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zinathira nkhondo ku Mocímboa da Praia, mbiri za ku Cabo Delgado sizinaleke kutipeza. Matchalitchi atenthedwa, midzi yasanduka mabwinja. Usiku wa pa 6 Seputembala 2022 zigawengazo zinafika pa misoni ya Chipene, m'dayosizi ya Nacala, ndi kupha Sisitere Maria De Coppi, gogo wa zaka zoposa 80 amene anatumikira dziko lino kuyambira 1963. Ana a katekisimu amatifunsa: ngati Mulungu amateteza anthu ake, anali kuti usiku umenewo? Funsoli n'lolemera, ndipo ife amene timaphunzitsa chikhulupiriro sitiyenera kulizemba. Tiliyankhe ndi zinthu ziwiri zimene zinaonekera akatekisi anzathu m'nthawi ya nkhondo ya zaka 16.

Choyamba chinachitika m'dayosizi yathu yomwe ino ya Lichinga. Mu Januwale 1989 akatekisi ndi mabanja awo anali pa maphunziro ku Nipepe pamene asilikali a Renamo analowa m'mudzimo. Anthu oposa 200 anatsekeredwa m'tchalitchi masiku atatu, nyengo ya chitungu, popanda popita kukatunga. Ludzu litakula, anayamba kumwa madzi ochepa amene anatsala m'chiwiya cha ubatizo, uku akupempha Sisitere Irene Stefani wa chipani cha Consolata, amene anamwalira ku Kenya mu 1930, kuti awapempherere. Madziwo sanathe mpaka anthu anatuluka. Eklezia atafufuza bwino anavomereza kuti chinali chozizwitsa, ndipo pa 23 Meyi 2015 Sisitere Irene anatchedwa Wodala ku Nyeri.

Chachiwiri chinachitika patapita zaka zitatu, kumwera kwa dziko lathu. Ku Guiúa, m'dayosizi ya Inhambane, kunalinso akatekisi ndi mabanja awo pa maphunziro onga omwewo. Pa 22 Malichi 1992 anthu a mfuti anawatulutsa usiku, napita nawo kutchire ndi kupha anthu oposa 20, amuna, akazi ndi ana. Pakati pawo panali mayi Luísa Mafo. Miyezi 7 isanakwane, pa 4 Okutobala, pangano la mtendere linasainidwa ku Roma.

Kodi tinene kuti a ku Nipepe anapemphera bwino kuposa a ku Guiúa? Kapena kuti Mulungu anali maso mu 1989 ndipo mu 1992 anagona? Iyayi. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 12, limaika zinthu ziwiri zotere pa tsamba limodzi. Mfumu Herode anapha Yakobe ndi lupanga, natsekera Petro m'ndende, koma mngelo anadzamasula Petro usiku. Onse awiri anali atumwi, onse awiri anakwera phiri ndi Yesu n'kuona ulemerero wake. Wina anapulumuka, wina anafa, ndipo mlembiyo sakunena kuti Mulungu anakonda wina kuposa mnzake. Petro yemwe uja, nthawi yake itakwana, anafera Ambuye ku Roma.

Choncho chitetezo cha Mulungu si chithumwa. Akuluakulu akukumbukira a Naparama, amene anadzuka ku Zambézia ndi ku Nampula nkhondo ili pafupi kutha. Ankatemera mphini pokhulupirira kuti chipolopolo sichingawalowe, koma mtsogoleri wawo Manuel António anafera kunkhondo komweko kumapeto kwa 1991. Nafenso tikhoza kugwa m'mbuna yomweyo ngati tivala korona kapena medulo monga mankhwala okhwimira. Amene waphunzitsa mwana wake kuti mkhristu weniweni sagwidwa ndi tsoka wamukonzera chokhumudwitsa, pakuti tsiku limene tsoka lidzafike, mwanayo adzataya medulo pamodzi ndi chikhulupiriro, n'kukagogoda kwa sing'anga.

Nanga Mulungu amateteza chiyani? Yesu anachenjeza ophunzira ake kuti adzadedwa chifukwa cha dzina lake, koma anawalimbitsa mtima kuti amene amapha thupi alibe mphamvu pa mzimu. Mulungu amasunga mwa ife chimene mfuti singafikire: ubatizo wathu, chikhulupiriro chathu, ndi mtima wosasanduka wa mbanda ngakhale uli pakati pa mbanda. Nthawi zina amasunganso thupi, monga ku Nipepe, kuti titsimikize kuti sali kutali. Nthawi zina amapereka mphamvu yoima nji mpaka kumapeto, monga ku Guiúa. Anyamata atatu a m'buku la Danieli, mutu 3, anazimvetsa zimenezi: anauza mfumu kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano sadzaligwadira.

Kukhulupirira kotere kuli ndi ntchito zake. Sikutiletsa kuthawa. Pa Mateyo 10:23 Ambuye analola ophunzira kuchoka m'mudzi umene akuwazunza, ndipo Yosefe Woyera anathawira ndi Mwana ku Ejipito. Makolo athu amene anawoloka nyanja ya Chiuta kukabisala ku Machinga m'nthawi ya nkhondo sanachimwe. Anapulumutsa ana amene lero akudzaza tchalitchi. Ndipo ngati othawa nkhondo afika pakhomo pathu, tikumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kawirikawiri Mulungu amateteza wothawa kudzera m'nkhokwe ya mnansi.

Kukhulupirira Mulungu kumatiletsanso chidani. Kuno timapalasa bwato limodzi ndi Asilamu, timagulitsana usipa ndi mpunga, timakwatirana, timalira limodzi pa maliro. Zigawenga za kumpoto zapha Asilamu ambirimbiri pamodzi ndi akhristu. Tikayamba kuyang'ana mnansi wathu ndi diso lokayika chifukwa cha chipembedzo chake, ndiye kuti zigawengazo zatigonjetsa zisanaponde n'komwe m'boma la Mecanhelas.

Pomaliza, kumatikakamiza kusaleka kusonkhana. Pambuyo pa ufulu wa 1975, pamene boma linatenga masukulu ndi zipatala za misoni ndipo ansembe anachepa, Eklezia wa dziko lino anakumana ku Beira mu 1977 n'kugwirizana kuti akhristu eni ake asenze mautumiki m'magulu ang'onoang'ono. Ndi amayi ndi abambo wamba amenewa amene anasunga mapemphero a Lamulungu pansi pa mitengo, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro, m'midzi imene wansembe sanaifike kwa zaka. Ife ndife zipatso za kulimbika kwawo.

Tsono makolo, mwana akakufunsani madzulo kuti Mulungu anali kuti ku Chipene, musamunamize kuti zotere sizingagwere ife. Muuzeni za madzi a ku Nipepe, muuzeninso za manda a ku Guiúa, ndipo kenaka gwadani naye limodzi mupempherere ozunzidwa ndi owazunza omwe.

Wodala Irene Stefani, mutipempherere ife.