Timibulu ta ku Maryland ndi tsogolo la migodi ya kuno

Abale anga, amalonda ndi ophunzira, lero ndikufuna tikambe za chinthu chimene diso silingaone, koma chimene chingathe kugwedeza mtengo wa miyala ya kummwera kwa Africa kuno.

Tiyambire pa thobwa. Mayi akathira chimera m'phala, phalalo limatsekemera msanga. Asayansi ali nacho chimera chawo chimene amati catalyst: chimafulumizitsa ntchito koma icho chosatha. Popanda chimenechi feteleza kulibe. Ammonia amene amapangira Urea amatuluka pa catalyst wa chitsulo wamba, pomwe asidi wopangira CAN amadutsa pa sefa wa pulatinamu ndi rhodium. Paipi ya utsi ya galimoto zamakono ili ndi zitsulo zomwezi, n'chifukwa chake mbava za ku Britain ndi ku Joni zimaidula usiku.

Vuto ndi lakuti zitsulo zimenezi n'zodula komanso n'zosowa. Iridium, amene amafunika pa makina ena opatula hydrogen m'madzi, safika matani 10 pachaka dziko lonse lapansi.

Tsono mu 2004, Jien-Wei Yeh wa ku Taiwan ndi Brian Cantor wa ku Britain, aliyense payekha, adaonetsa kuti ukasakaniza zitsulo zisanu kapena kuposerapo pamlingo wofanana, zimatha kugwirizana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba. Chisokonezo cha maatomucho ndicho chimaziletsa kupatukana. Ndiye tanthauzo la dzina lakuti high-entropy.

Mu 2018, gulu la Liangbing Hu pa yunivesite ya Maryland ku America lidapita patsogolo. Lidatenthetsa mchere wa zitsulo kufika madigiri pafupifupi 1,700 kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, n'kuuziziritsa mwadzidzidzi. Zitsulo mpaka zisanu ndi zitatu zidakodwa m'kambulu kamodzi, kakang'ono moti timibulu zikwi zingapo titandandalika ndiye tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mu 2019, anzawo a ku Johns Hopkins pamodzi ndi a ku Maryland adapanga timibulu ta cobalt, molybdenum, chitsulo, nickel ndi kopa, timene pophwanya ammonia kuti atulutse hydrogen tidaposa ruthenium wodula uja. Mutu umodzi susenza denga: chitsulo chilichonse chimathandiza chinzake.

Kodi ife zikutikhudza bwanji? South Africa imakumba pafupifupi magawo 70 pa 100 a pulatinamu yense wa padziko, ndipo Zimbabwe ndi yachitatu, pambuyo pa Russia. Ndalama za m'migodi imeneyo zimayenda m'matauni mmene abale athu ambiri akugwira ntchito ndi kugulitsa malonda. Mgodi ukachotsa anthu ku Rustenburg, kakobiri kobwera ku Mzimba ndi ku Mangochi nako kamachepa. Ndipo cholinga cha asayansiwa n'choonekeratu: agwiritse ntchito pulatinamu wochepa, kapena amusiye kumene.

Mbali inayo, cobalt wambiri amachokera ku Congo ndipo kopa ali ku Zambia. Wina akalira, wina adzaseka. Koma onsewo mtengo wawo ukukonzedwa m'chipinda cha sayansi ku America, ku China ndi ku Japan, osati pakamwa pa mgodi.

Ndisakunamizeni kuti mawa feteleza atsika mtengo, ayi. Timibulu tambiri timeneti tikadali m'malabotale. Kupanga kakang'ono kodzaza nsonga ya supuni ndi nkhani ina, kupanga matani ofanana bwinobwino ndi inanso. Fakitale imafuna catalyst wopirira zaka, osati masiku. Komanso timibulu tina tikufunabe pulatinamu yemweyo, kungoti wochepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uyu akadali ku chala.

Komabe phunziro lilipo. Ife tikunyadira miyala ya ku Kangankunde ndi ku Kasiya ngati kuti mtengo wake udalembedwa pamwala. Mwala umadula chifukwa wina kutali akuufuna, ndipo winayo usiku ndi usana akufufuza njira yoti asaufunenso. Wamalonda aliyense amadziwa zimene zimachitika kasitomala akapeza kwina kotchipa.

Inu a ku Zomba ndi ku Thyolo amene mukuti chemistry ilibe ndalama, taganizaninso. Wokumba amalandira ya tsikulo basi. Wodziwa kusakaniza ndiye amatchula mtengo.