Musanagule mankhwala a chiwindi, suzumirani m'mbale ya galu

Masiku ano m'masitolo ogulitsa mankhwala a ziweto, ngakhalenso m'zikwama za abale ochokera ku Johannesburg, mukupezeka timabotolo ndi timapaketi tolembedwa kuti timalimbitsa chiwindi cha agalu ndi amphaka. Anthu akugula, ndipo ine sindiwadzudzula. Galu amene amakulondera usiku wonse, kapena mphaka amene adathetsa makoswe m'nyumba, akayamba kuwonda ndi kukana chakudya, mtima umawawa ndithu. Koma sabata ino ndikufuna tigwirizane chinthu chimodzi, awerengi anga: mankhwala amenewa ndi othandizira chabe. Sachotsa chimene chikuwononga chiwindicho. Kuwapereka musanadziwe gwero la vuto kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudonthabe.

Tiyambe ndi zimene zili m'katimo. Ambiri mwa mankhwalawa amakhala ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi SAMe, chinthu chimene thupi limapanga lokha ndipo chimathandiza chiwindi kupanga glutathione, amene amatchinjiriza chiwindicho pamene chikusefa poizoni m'magazi. Chachiwiri ndi silybin, wochokera m'njere za milk thistle, chomera chaminga cha kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Mapiritsi ena, monga Denamarin, amaphatikiza ziwirizi. Kafukufuku wa mphamvu yake pa agalu ndi amphaka ndi wochepa, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amawapereka pamodzi ndi chithandizo china, osati paokha.

Nanga tingadziwe bwanji kuti chiwindi chadwala? Nyama imasanza, imawonda, imamwa madzi mowirikiza, mimba imatha kutupa, ndipo maso ndi nkhama zimachita chikasu. Koma apa ndi pamene ambiri timasochera. Kuno kwathu galu wa maso achikasu nthawi zambiri amakhala ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, amene amaswa magazi, ndipo akasowa jakisoni woyenera amatha kufa m'masiku ochepa. Wina amakhala ndi leptospirosis, matenda ofala kudzera mu mkodzo wa makoswe, amene amagwiranso anthu ndipo amafuna mankhwala opha tizilombo. Palinso matenda a chiwindi opatsirana pakati pa agalu amene katemera wa ana agalu amateteza. Pa matenda onsewa botolo lolimbitsa chiwindi silingapulumutse nyama, lingangokutayitsani masiku. Chosiyanitsa ndi kuyeza magazi. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, ndipo kumaboma kuli alangizi a ziweto amene angakuuzeni kolowera. Safunsa adadya phula.

Tsopano tisuzumire m'mbale muja. Mdani wamkulu wa chiwindi cha agalu athu amagona m'thumba la madeya. Chimanga kapena mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amalunjika kuchiwindi. Agalu ndi ena mwa nyama zosachedwa kugonja ndi poizoniyu. Mu 2011 agalu oposa 200 adafa m'chigawo cha Gauteng ku South Africa atadya chakudya cha agalu chokhala ndi aflatoxin. Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo ku Zambia, a Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 akuganiziridwa kuti adafa m'mwezi umodzi chifukwa cha chimanga chotero.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamudzi timachita kusankha. Chimanga chabwino chimapita kuchigayo kuti tidye anthu, chowola timati n'cha galu. Tikakonola, poizoni wambiri amatsalira m'madeya, madeya omwewo timaphikira galu. Ndipo musadzinamize kuti moto upha zonse, chifukwa aflatoxin satha ndi kuphika. Ndiye tandiuzani, piritsi la m'mawa lipindula chiyani ngati madzulo mukuthiranso poizoni m'mbale? Madeya onunkha chinyontho, oumbana kapena osintha mtundu, akwirireni pansi.

Mdani wachiwiri ali m'kabati yathu ya mankhwala. Chiweto chikafooka, ena amathamangira kuchipatsa Panado poganiza kuti chothandiza munthu chithandizanso nyama. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol monga chimachitira cha munthu, moti piritsi limodzi la mamiligalamu 500 likhoza kumupha. Nkhama zimada, nkhope imatupa, kupuma kumavuta. Galu nayenso akamwa wambiri chiwindi chimawonongeka. Chimodzimodzi mankhwala olimbitsa chiwindi opangira anthu: ena otafuna kapena akumwa amawatsekemeretsa ndi xylitol, amene amagwetsa shuga m'magazi a galu ndi kuwononga chiwindi chomwe mukufuna kuchiritsacho. Ena azitsamba amasakanizamo adyo, amene pamodzi ndi anyezi amaswa magazi a agalu ndi amphaka. Werengani zolembedwa pabotolo, ndipo lopanda zolembedwa musaligule ngakhale wogulitsa atalumbira.

Tinene kuti dokotala wayeza, wapeza vuto, ndipo wakulemberani mankhwala othandizirawa. Kaperekedwe kake kali ndi malamulo, ndipo kuwaphwanya ndi kutaya ndalama.

Mlingo umatsata kulemera kwa nyama, osati kuyerekeza ndi maso. Pa SAMe madokotala amawerengera pafupifupi mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse, kamodzi patsiku. Choncho galu wa makilogalamu 10 amalandira pafupifupi mamiligalamu 200, pamene mphaka wa makilogalamu 4 amamukwanira kapiritsi ka mamiligalamu 90. Kuti mudziwe kulemera kwake, kwerani pasikelo mutanyamula chiwetocho, kenako kwerani nokha, n'kuchotsera. Mukaiwala tsiku limodzi, musaphatikize awiri mawa lake.

Piritsi la SAMe limalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mulibe kanthu, ndiye liperekeni m'mawa, kutatsala ola limodzi kuti nyama idye. Ngati ikukana, likulungeni m'kachakudya kochepa kwambiri, osati m'mbale yodzaza. Ambiri mwa mapiritsiwa ali ndi chikopa cholimba chowateteza kuti asasungunuke asanafike m'matumbo, choncho musawaswe pakati kapena kuwapera ngati mchere. Musawatulutsenso m'kapepala kake kasiliva nthawi isanakwane, chifukwa chinyontho chimawaononga, makamaka nyengo ya dzinja.

Muuzeni dokotala mankhwala ena onse amene nyamayo ikumwa. SAMe sagwirizana bwino ndi mankhwala ena, monga tramadol wothetsa ululu. Mukaona kusanza, kutsekula m'mimba kapena kukana chakudya mutayamba kupereka, imani kaye mukafunse. Pakatha masabata angapo bwereraninso mukayezetse magazi, poti ndi njira yokhayo yodziwira ngati ndalama zanu zikugwira ntchito.

Kwa oweta amphaka ndili ndi mawu awiri apadera. Piritsi louma limatha kukakamira pakhosi pa mphaka n'kuchititsa bala, ndiye mukangomumwetsa, tsatizani madzi okwana supuni yaing'ono imodzi, pang'onopang'ono, ndi sirinji yopanda singano. Chachiwiri, lamulo la m'mimba mopanda kanthu lisasanduke chifukwa chomugoneka ndi njala. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi mwake ndipo akhoza kufa. Kwa mphaka wotero mankhwala enieni ndi chakudya, ndipo akakana kudya masiku awiri, mutengereni kwa dokotala.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, kodi zonsezi ndi za ife kapena za azungu okhala ndi agalu ogona pasofa? Ine ndikuti ndi zathu kwambiri, chifukwa ife ndi amene tilibe ndalama zotaya. Mapiritsi amenewa amachokera kunja ndipo mtengo wake suseka. Ngati m'thumba muli zochepa, ziyambe zapita ku katemera, ku mankhwala ophera nkhupakupa, ku chakudya chouma bwino ndi ku kuyezetsa magazi. Botolo lija libwere pamapeto, dokotala akanena.

Ndipo galu akadwala chikasu atadya madeya a pakhomo, musangolira galuyo. Kumbukirani kuti madeyawo adachokera m'thumba lomwe mudachokera ufa umene ana anu akudya. Masulani thumbalo muone chimanga chake lero lomwe.