Ulemu Upite kwa Eriyo

Chiyambire 1958, pamene boma la America linapatula mafunde a 27 MHz kuti anthu wamba azilankhulirapo, wailesi ya CB yakhala bwenzi la madalaivala a mathiraki; koma chondiwawa mtima n'chakuti ambiri oiika m'galimoto amakhuthulira chuma pa bokosi lonyezimira, naiwala eriyo, osakumbuka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Popeza lamulo la kumeneko lilola mawati 4 okha pa AM, mawu sadzapita patali eriyo ikapanda kugwirana bwino ndi chitsulo cha galimoto ndi kuyesedwa pa mita yoyesera eriyo yotchedwa SWR. Pa za magetsi, nthambo yofiira ya wailesiyo ichokere kubatire, fyuzi ikhale pomwepo, pakuti nthambo yopanda fyuzi ikasupuka n'kukhudza chitsulo, galimoto itha kupsa.