Ola Limodzi M'mwamba, Tsiku Lathunthu Pansi

Munthu wa ku Mfuwe akafunsidwa kuti ku Lusaka n'kutali bwanji, ayenera kuyamba wafunsa kuti: pa ciani? Ndeke, imene siidziwa phiri kapena mtsinje, imalunjika makilomita pafupifupi 440, ndipo imatera pa bwalo la Kenneth Kaunda patapita ola limodzi ndi mphindi zocepa. Wa pa mseu amayamba wakwera ku Chipata, kufulatira kumene akupita, kenaka n'kutembenukira kumadzulo kupyola Katete, Nyimba, ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, ndi mapiri okhotakhota a Manenekera. Zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 700. Wonyamuka tambala woyamba amafika dzuwa litalowa, miyendo itatupa.

Nanga ola limodzilo ndi la yani? Kawirikawiri ndi la alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa. Sitikuwacitira nsanje, pakuti ndalama zawo zimalembetsa nchito ana athu. Koma mlimi wa thonje amangoimva ndeke ikulira pamwamba pa munda wake, cifukwa mtengo wa tikiti umaposa wa basi kangapo konse. Kwa iye Lusaka akadali patali.

Pali nthawi imodzi pamene kusiyanaku kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa: pamene mayi wapakati wavutika, kapena msodzi wagwidwa ndi ng'ona, ndipo madokotala anena kuti apite ku cipatala cacikulu ca UTH. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service linayamba mu 1965 pofuna kufupikitsa maulendo a odwala otere. Komabe, awerengi, ndeke siitera pakhomo. Wodwala ayenera kufika kaye pa bwalo, ndipo m'dzinja, makande a m'cigwa akafewa ndi timitsinje tikasefukira, makilomita 20 ocokera kumudzi angathe kudya maola ambiri kuposa aja 440 a m'mwamba. Amene ananyamulapo munthu pa macila, madzi ali m'ciuno, akudziwa cimene ndikunena.

Ine ndikuona kuti tikamakamba za maulendo timayang'ana kumwamba kwambiri. Gawo lalitali la ulendo wa ku Lusaka ndi lija loyamba, locokera pakhomo kukafika pa tala, ndipo gawo limeneli lili m'manja mwathu. Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Tsono msonkhano wosankha nchito za citukuko ukaitanidwa, musatsale kumunda. Pitani pamodzi ndi mafumu anu, mukachule maina a timitsinje timene timakutsekerezani caka ndi caka, ndipo mukapemphe kuti timaulalo timangidwe mvula isanagwe.